Tiuzeni kaye musanatigwire: kalata kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Mulanje

Kwa bwana woyang'anira zaumoyo m'boma la Mulanje, kwa oyang'anira anamwino ndi azamba, ndi kwa inu nonse a ku unduna wa zaumoyo amene kalatayi ingakupezeni,

Landirani moni, akuluakulu. Ine ndine mayi wa zaka 47 wa m'dera la mfumu yaikulu Mabuka. Ndinathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana unakana, pano ndimagulitsa nthochi ndi zinanazi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Kumpingo ndine wa Mvano komanso mlangizi wa atsikana, ndipo alangizi a zaumoyo akafuna kusonkhanitsa amayi m'mudzi mwathu amayamba afika pakhomo panga. Mwa ana anga asanu, anayi ndinachirira kuchipatala. Ndanena izi kuti mudziwe kuti wolembayu si mdani wanu.

Mwezi wathawu tinali pa msonkhano pabwalo la amfumu. Bambo wina wochokera kuchipatala, waulemu wake ndithu, anadandaula kuti amayi obwera kudzapimitsa khansa ya khomo la chiberekero ndi ochepa, ndipo anati chikuwaletsa ndi umbuli ndi zikhulupiriro. Amfumu anavomereza. Abambo anavomereza. Ife amayi tinali pansi, maso pansi, tikutokosa dothi ndi timitengo, ndipo pomaliza tinawomba m'manja monga mwa mwambo. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa, chifukwa yankho ndinali nalo, koma si nkhani yoyankhula pamaso pa amfumu ndi akamwini. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba.

Matendawa timawadziwa kuposa mmene mukuganizira. Pa wailesi tinamva kuti chaka chilichonse amayi oposa 4,000 m'Malawi muno amapezeka ndi khansa imeneyi, pafupifupi 3,000 amamwalira, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene yavutitsitsa padziko lonse. Koma ife sitinadikire wailesi. Ochapa zitenje za wodwalayo ndife. Fungo limene limathamangitsa ngakhale ana ake m'nyumba timalidziwa ndife, ndipo osambitsa mtembo ndifenso. Achemwali anga aakulu, a bere limodzi, anapita ndi matenda amenewa mu 2016. Anataya magazi chaka chathunthu, uku akuti ndi mauka, uku akuti ndi kusiya kusamba, akumwa mizu ya kwa asing'anga. Tsiku lina ndikuwasambitsa ndinawafunsa kuti achemwali, chipatala chili pomwepa, munkadikira chiyani? Anati, "Ndikagonenso pa bedi lija? Iwe sukudziwa." Sindinafunsenso. Ndinadzadziwa ndekha.

Patatha miyezi itatu titaika maliro ndinalimba mtima. Mwina simudziwa ntchito imene mzimayi amagwira asanafike pakhomo panu, ndiye ndikuuzeni. Amayamba dzulo lake. Amameta, amavula mikanda ya m'chiuno n'kuibisa, amachapa kabudula wamkati wosang'ambika, ndipo ngati alibe amabwereka ndalama kwa mnzake n'kukagula pa Limbuli. Amadzuka tambala woyamba kusamba madzi a mwezi wa Juni, amene kuno kutsinde kwa phiri amaluma mpaka m'mafupa. Kenako ayende wapansi maola awiri, kapena apereke kwa wa kabaza ndalama ya ndiwo za masiku awiri. Pofika thukuta latuluka kale, ndipo pa benchi akhala mpaka dzuwa lili pamutu, m'mutu muli funso limodzi lokha: kodi sindikununkha?

Ine ndinalowa nthawi itapitirira 12 koloko. Dzina la chipatala sinditchula, chifukwa ndafunsa amayi amene amapita kwina ndipo nkhani zathu zikufanana. Amene anali mkatimo sanadzutse mutu. Anangoti, "Vulani, kwerani apo, tsegulani miyendo." Moni panalibe. Katani ya pazenera inali yolekeza pakati, ndipo kunja kwake ndi kumene anthu amadutsa popita ku mpopi. Nditagona chagada chitseko chinatseguka, analowa mnyamata wa yunifolomu kudzafunsa makiyi a kabati, ndipo anacheza ine ndili chomwecho. Atatuluka analowa ena awiri achichepere n'kudzaima kumapazi kwanga. Ndinazindikira pambuyo pake kuti anali ophunzira. Palibe anandiuza kuti awa ndani, palibe anandifunsa ngati ndalola. Kenako ndinamva zitsulo zikulira m'beseni, ndipo chinthu chozizira chinalowa. Ndinadzidzimuka, thupi linauma gwa, ndinabweza miyendo. "Mayi, musativutitse. Ana asanu munabereka bwanji?" Mmodzi wa ophunzira aja anaseka pang'ono. Sindikuti ankaseka ine, mwina ankaseka mawuwo, koma kuseka kumeneko mpaka lero kumandibwerera m'makutu.

Atamaliza analemba Chingerezi m'buku langa la kuchipatala n'kunena kuti, "Muli bwino, aitaneni ena." Ndili bwino chiyani? Aona chiyani? Ndibwerenso liti? Ndinatuluka ndikumanga chitenje pakhonde, anthu akundiyang'ana. Matenda sanandipeze nawo, komabe ndinalira njira yonse, ndikuyankhula ndi achemwali anga mumtima kuti tsopano ndadziwa.

Akuluakulu, ambiri a inu munakulira m'midzi ngati yathuyi, mukudziwa mmene mtsikana amaleredwera. Ali wamng'ono timamuuza kuti khala bwino, phimba miyendo. Kuchinamwali, kaya cha kumudzi kaya chilangizo cha kumpingo, timamuphunzitsa kuti thupi lake la kumusi ndi la iye mwini, mwamuna wake, ndi azamba tsiku lochira, basi. Kuno kwathu kwa chikamwini mayi amapatuka panjira akaona mkamwini wake akubwera, ndipo sadya naye mbale imodzi. Mayi yemweyo, wa zaka 45, mukumuuza agone chagada pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mkamwini wakeyo, mwinanso wa mpingo umodzi, woti Lamulungu adzakumana pakhomo la tchalitchi. Sindikunena kuti mwambo uletse kupima. Ineyo ndi amene ndimayenda khomo ndi khomo kuuza amayi kuti manyazi sachiza. Ndikunena kuti mayi amene wafika pa bedi lanu waphwanya kale zonse zimene anaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti afike pamenepo, ndipo munthu wotero salandiridwa ngati dengu la tiyi lofika pa sikelo.

Zikhulupiriro zimene bambo aja ananena zilipodi, ndazimva zonse. Akuti amatulutsa chiberekero chonse, kuchitsuka, n'kuchibwezera. Akuti chitsulo chija chimakulitsa njira, abambo kunyumba adzadandaula. Akuti ukapimidwa subereka. Akuti chitsulo n'chimodzi, amachotsa mwa uyu n'kulowetsa mwa uyo. Koma dzifunseni kumene nkhanizi zimabadwira. Mayi wagona, sakuona zimene zikuchitika kumusi, wamva china chikutsegula, china chikumupaka, china chikuyabwa, ndipo palibe wamuuza kanthu. Mawa lake ali pa mjigo anzake amufunsa kuti anakakuchita zotani? Ayankha zimene thupi lake linamva, n'kuwonjezera zimene mutu wake unaganiza. Inu mumayankhula pa wailesi kamodzi pa sabata. Ife pa mjigo timakumanapo kawiri pa tsiku.

Ine ndinadzadziwa patapita zaka kuti zopakazo ndi viniga, wofanana ndi wa m'sitolo, kuti amadikira mphindi imodzi, ndipo pamene pali vuto pamayera. Ndinadziwa kuti chitsulocho sichifika m'chiberekero, chimangotsegula njira kuti khomo lioneke, monga umatsegulira pakamwa pa mwana kuti uone kummero, ndipo chikagwira ntchito pa munthu mmodzi chimatsukidwa ndi kuphikidwa. Ndinadziwa kuti akaona poyera nthawi zambiri si khansa ayi, ndi chiyambi chabe chimene chingawotchedwe tsiku lomwelo ndi kachipangizo, chifukwa kuchokera pamene kachilombo ka HPV, koyambitsa khansayi, kalowa kufika pa khansa yeniyeni pamatha zaka khumi kapena kuposerapo. Kunena zonsezi sikutha mphindi ziwiri. Boma linayamba kupima ndi viniga mu 2004. Zaka zoposa 20 zapita, ndipo m'mudzi mwanga muli mayi amene anapimidwa kawiri koma sadziwa kuti anapakidwa viniga.

Palinso chilonda china chakale chimene simuchiwerengera. Mwana wanga woyamba ndinachirira kwa azamba a kumudzi. Analibe zipangizo, ndipo amayi ena anafera m'manja mwawo, koma ankakuitana ndi dzina ndi kukusisita msana. Mu 2007 boma linawaletsa kubereketsa, mafumu anaika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo, ndipo ife tinamvera. Tinanyamula beseni, lumo, pepala la pulasitiki ndi zitenje, tinakagona kuchidikiro. Zinathandiza, sindikana, amayi ndi makanda ambiri apulumuka. Koma mapeto ake lero pafupifupi mayi aliyense bedi lanu amalidziwa. Ena amalikumbuka bwino. Ena anamva, ali ndi zaka 18, ululu utafika posauzana, mawu akuti "pochita zimenezi ine ndinalipo?" Ena anamenyedwa mbama pantchafu. Ena anapimidwa njira ndi zala za anthu anayi usiku umodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wonena kuti pepani mayi, ndione pamene mwana wafika. Ena anachekedwa ndi kusokedwa osauzidwa. Mtsikana uja lero ali ndi zaka 35, ndipo ndi amene mukufuna abwere yekha, asakudwala, asakumva kuwawa paliponse, adzagone pa bedi lonja lomwelo. Pobereka analibe kuchitira mwina. Pano angathe kukana, ndipo amanyamula khasu n'kupita kumunda.

Kuti musaganize kuti ndikupempha zosatheka, ndikuuzeni za ulendo wanga wachiwiri. Munali mu 2021, nthawi ya Covid, tikuvala zotseka pakamwa. Ndinapita chifukwa zinkandivuta kutuma anzanga kumene ine ndikuthawa. Ndinapeza wopimayo ndi mwamuna, mnyamata woti ndikhoza kubereka, ndipo ndinafuna kubwerera pomwepo. Iye anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, mwadzuka bwanji? Khalani kaye pampandopa." Ananena dzina lake. Anandifunsa ngati ndingakonde kudikira mnzake wamkazi amene anali kochiritsa wina, kapena aitane mayi wogwira ntchito pomwepo adzaime pambali panga. Ndinasankha chachiwiri. Anatenga chitsulo, anandionetsa mmene chimatsegukira, anati chizizira pang'ono. Anakhoma chitseko ine ndikuona, anatembenukira kukhoma mpaka nditagona ndi kufunda chitenje changa. Chilichonse ankayamba wanena: tsopano ndikugwirani pantchafu, tsopano pumani kwambiri, tsopano ndikupaka viniga, mumva kuyabwa, mukamva kuwawa nenani ndisiye. Atamaliza anadikira ndivale, ndikhale pampando, ndi pamene anandiuza zimene waona ndi chaka choti ndidzabwerenso.

Chipinda chinali chosapenta ngati choyamba chija, bedi long'ambika chimodzimodzi, pa benchi anthu ali mbwee. Sanawononge tambala imodzi yowonjezera ya boma. Mwina anawonjezera mphindi zitatu. Sabata yotsatira amayi asanu ndi mmodzi a m'mudzi mwathu anapita, onse akufunsa tsiku limene mnyamata uja amakhalapo. Chaka chotsatira anasamutsidwa, ndipo ulendo uja unazirala.

Ndiye nkhani si ya mwamuna kapena mkazi yokha. Alipo amayi, makamaka achikulire, amene sangalole mwamuna zivute zitani, ndipo amenewo apatseni tsiku lodziwika limene kumakhala mkazi. Koma ndamvanso amayi ambiri akunena kuti bola azamba aamuna, amagwira mwachifundo. Zikundiwawa kunena, koma mawu opweteka kwambiri amene ndawamva m'zipinda zimenezi anatuluka pakamwa pa akazi anzathu.

Amene ndimawamvera chisoni koposa ndi anzathu amene ali pa ma ARV, ndipo kuno ku Mulanje ndi kwa anzathu a ku Thyolo alipo ambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo cha khansayi kwa mayi amene ali ndi HIV n'chachikulu kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe, choncho n'zomveka kuti mumafuna azipimidwa pafupipafupi. Koma alamu anga anabwera kwa ine akunjenjemera atauzidwa pazenera, anthu akumva, kuti botolo lawo salandira mpaka akalowe kaye chipinda chija. Tsiku limenelo anali kumwezi, ndipo analibe ponenera zimenezi pagulu. Anabwerera opanda mankhwala, anakhala masiku anayi osamwa mpaka atayera. Mwina chiwerengero cha opimidwa chimakwera ndi njira imeneyi, koma lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wazaumoyo alemekeze munthu wofuna thandizo la uchembere, amufotokozere zonse zofunika kuti asankhe yekha, ndipo atenge chilolezo chake asanamuchite kanthu. Munthu amene mwamugwirira mankhwala ake akati eya, ameneyo sanavomere, wangogonja.

Ndipo mukapeza kanthu musatisiyire pakhomo. Mayi akawotchedwa amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi abambo kwa masabata angapo, komanso amatuluka madzi ambiri kumusi. Amauzidwa izi ali chiimire, buku lili kale m'manja. Kunyumba bambo aona kuti mkazi wake wapita wabwinobwino, wabwera akukana kuchipinda ndipo akutuluka zamadzi, ganizo loyamba n'loti watenga matenda kwina. Ndakhalapo pa milandu iwiri yotere pamodzi ndi ankhoswe, ndipo banja limodzi linatsala pang'ono kutha. Kapepala ka Chichewa kopita kwa bambo, kapena kumuitana kudzamva yekha, zikanathetsa zonsezo. Amene mwamutumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anayamba kuthandiza odwala khansayi mu 2018, muuzeni zoona: chimene mukukayikira, akafikire khomo liti, atenge womudikirira kapena ayi. Mawu okha akuti "mupite ku Queens" kwa mayi wa kumudzi amamveka ngati mwamuuza akafere kutali. Ndikudziwa makalata otere amene anapindidwa n'kuikidwa pansi pa mphasa.

Mavuto anu ndikuwadziwa. Ndaonapo namwino mmodzi akuyendetsa sikelo, kulera ndi chipinda chochirira tsiku limodzi, usiku wake asanagone. Ndaona akuunika ndi tochi ya foni magetsi atazima. Namondwe Freddy atakokolola misewu ndi milatho mu Malichi 2023, azaumoyo ankawoloka madzi wapansi kutifikira. Za kuchepa kwa antchito limbanani nazo ku Capital Hill, ife tili pambuyo panu. Koma moni sagula.

Pempho langa ndi ili. Chipinda chilichonse chopimira amayi chikhale ndi loko wogwira ndi katani yofika pansi. Mukamayendera zipatala gonani inuyo pa bedilo, muyang'ane kumene kuli chitseko ndi zenera, muone chimene wodutsa angaone. Mabedi ambiri amene ndawaona kumapazi kwake kunaloza kuchitseko, pamene kungowatembenuza kokha kukanatichotsera manyazi aakulu. Ophunzira aziphunzira, anamwino a mawa tikuwafuna, koma mayi azifunsidwa asanavule, osati ali gone, ndipo akakana asamukwinyire nkhope. Wopima aliyense azinena asanagwire. Zotsatira azinena m'Chichewa, kwa munthu wovala, wokhala pampando. Agogo ena a kumalire amamasuka m'Chilhomwe, apezereni womasulira amene si mdzukulu wawo wamwamuna.

Mumatiuza kuti wolakwiridwa adandaule, pali bokosi la maganizo, pali ombudsman, womva madandaulo pachipatala, palinso mabungwe oyang'anira madokotala ndi anamwino, Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. N'zabwino. Koma bokosi limafuna wodziwa kulemba, ndipo limakhala poonekera pamene wakulakwirayo akukuona ukuponya. Mayi amene mwana wake adzadwale malungo mawa usiku n'kukapeza namwino yemweyo sangatsegule pakamwa. Ndiponso angamuuze bwanji bambo wa mu ofesi zimene zinachitika ali chagada? Bwerani kumene amayi amayankhula. Tumizani mayi mmodzi wa udindo, wosavala yunifolomu, adzakhale nafe pa Mvano Lachinayi, pa banki m'khonde, kwa anamkungwi, kwa amayi a dawa kumzikiti, abambo ndi mafumu kulibe. Asabwere kudzatiphunzitsa, adzangokhala pa mphasa n'kumva. Zimene akamvezo mukazinene kwa anamwino ndi madokotala amene akuphunzira, asanavale yunifolomu.

Katemera wa HPV munayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019, mutayesa kaye ku Zomba ndi ku Rumphi, ndipo mwana wanga wotsiriza analandira. Maiko anagwirizana mu 2020 kuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemerayu, amayi 70 mwa 100 alionse akhale atapimidwa. Koma wolola kapena kukaniza mwana kupita kusukulu tsiku la katemera ndi mayi ake, yemwe uja anatuluka m'chipinda chanu akulira. Mukamuuza kuti jakisoniyu saletsa kubereka, iye amayeza mawu anu ndi mmene munamugwirira.

Lachiwiri likudzali ndikuperekeza amayi anayi. Mmodzi ndi mwana wamkazi wa achemwali anga aja, wakwanitsa zaka 27, ndipo zonse zimene mayi ake anakumana nazo anaziona ndi maso, zitenje zija tinkachapira limodzi. Wakhala akundikanira zaka ziwiri. Wavomera nditamulonjeza kuti chitseko chidzakhomedwa, kuti adzamuonetsa chitsulo asanamugwire, ndi kuti ine ndidzaima kumutu kwake akadzandilola kulowa. Ndalonjeza zinthu zimene zili m'manja mwanu, osati mwanga. Tidzafika cha m'ma 7 koloko, mudzatipeza pa benchi.

Ine wanu,
Mayi wa Mvano ndi mlangizi wa atsikana,
kwa mfumu yaikulu Mabuka, Mulanje